Musanaulutse kandege ka batire: zoti muchite kuyambira kunyumba mpaka pa bwalo

Abale anga a kuno ku Joni, chidziwikireni zoti Loweruka m'mawa ndimakaulutsa ndege za rimoti foni yanga siikupuma. Wina wagula yogwiritsidwa kale ntchito pa Facebook Marketplace, wina abwana ake a ku Randburg amupatsa yomwe inangokhala mu galaja zaka zitatu, wina wagulira mwana wake, koma funso ndi limodzi lomwelo: "Achimwene batire ndatchaja ladzadza, ndingoiponya m'mwamba basi?" Ayi chonde musaiponye. Ndayankha pa WhatsApp kambirimbiri ndipo nthawi zonse ndimaiwala kena kake kofunika, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe kamodzi, aliyense wofunsa ndizingomutumizira izi.

Ndege zambiri zimene ndaziona zikuphwanyika ndi maso angawa vuto lake linayambira pansi, pa tebulo kunyumba kapena pa udzu mphindi zisanu zomaliza munthu atatenthedwa mtima kuti aione ikuuluka. Ndipo anthu onse amene ndinawaona akutuluka magazi anavulala ndege ili pansi. Nchifukwa chake pano sindikuphunzitsani kuulutsa, ndikukuuzani zochita isananyamuke.

Mayina kaye kuti tizimvana. Rimoti ndi ija mumagwira m'manja, ku shopu amati transmitter. Risiva ndi kabokosi kakang'ono ka m'ndege kamene kamamva zimene rimoti ikunena. ESC ndi kachipangizo kokhala pakati pa batire ndi mota, ndi kamene kamalamula liwiro la mota komanso pa ndege zambiri zazing'ono ndi komweko kamapereka magetsi kwa risiva ndi maservo. Servo ndi kamota kakang'ono kokoka timawaya touma topita ku zigawo zoyenda. Zigawozo ndi ma aileron kumbuyo kwa mapiko opendeketsa ndege, elevator kumchira yokweza ndi kutsitsa mphuno, ndi rudder yoimirira ija yokhotetsa mphuno kumanja kapena kumanzere.

1. Dziwani kaye kumene mukaulutsire

Kabwalo ka mpira ka kuseri kwa nyumba yanu sikokwanira ngakhale kakuoneka kakakulu. A SACAA, amene amayang'anira zouluka m'dziko muno, salola kuulutsa tinthu totere pafupi ndi bwalo la ndege mkati mwa makilomita 10, komanso mkati mwa mamita 50 kuchokera pa anthu, pa msewu kapena pa nyumba za eni. Tsono Johannesburg yazunguliridwa: OR Tambo ku Kempton Park, Rand Airport ku Germiston, Grand Central ku Midrand, Lanseria kumpoto chakumadzulo, osawerengera potera ma helikopita pa zipatala. Tsegulani Google Maps muyeze nokha, mudabwa kuona kuti malo ambiri amene timakhala ali mkati. Ife ndife alendo m'dziko la eni, sibwino kukumana ndi apolisi chifukwa cha kandege.

Njira yabwino ndi kupita ku kalabu yolembetsedwa ku SAMAA, bungwe la anthu oulutsa ndege zazing'onozi ku South Africa. Kuno kuli makalabu ngati JOMAC ndi RMAC ndi ena kumbali ya East Rand. Ukakhala membala wa SAMAA umakhala ndi inshuwalansi yoti ndege yako ikaononga chinthu cha munthu wina usagulitse katundu yense wa m'nyumba, ndipo ku kalabu kuli alangizi amene amalumikiza rimoti yawo ndi yako, amati buddy box, ukasokonezeka iwo amangolanda ndege m'mwamba momwemo. Ndikudziwa ambiri mumachita manyazi poti mukafika mupeza madala achizungu ali ndi ndege zodula, inenso tsiku loyamba ndinaima patali pafupifupi ola lathunthu, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pitani mupereke moni munene kuti ndinu watsopano, anthu a masewerawa amakonda kufunsidwa.

2. Batire, usiku woti mawa mupita

Mabatire athuwa ndi a LiPo ndipo sali ngati a tochi. Selo lililonse likadzadza limafika 4.2V, pa pepala amalemba 3.7V, ndipo likatsika kupyola 3.0V laonongeka. Mukaona 3S ndiye kuti maselo ndi atatu, lodzadza liwerenga 12.6V, la 4S liwerenga 16.8V. Pa tchaja sankhani LiPo, sankhani balance, lowetsani kapulagi koyera ka timawaya tambiri kaja kuti selo lililonse liziyang'aniridwa palokha, ndipo onetsetsani kuti nambala ya maselo pa sikirini ikufanana ndi yolembedwa pa batire musanadine start. Ma amp musapyole 1C, kutanthauza kuti batire la 2200mAh mulitchaje pa 2.2A, litenga pafupifupi ola. Ndikudziwa mayesero amene amabwera masiku a load shedding, waona kuti magetsi azima 8 koloko ndiye ukuti ndikweze ma amp lidzadze msanga, musatero, bola kupita ndi mabatire awiri otchajidwa bwino kusiyana ndi anayi ophikidwa.

Kumene mukutchajira nkofunika kwambiri makamaka ife amene timakhala m'chipinda chimodzi kapena mu mkhukhu, bedi pompo, katani pompo, silinda ya gasi pompo. Ikani batire pa simenti kapena pa matailosi, m'kathumba kosagwira moto kamene amagulitsa ku mashopu a ndegezi, ngati mulibe ngakhale mphika wadothi ukhoza. Osatchajira pa bedi, osatchaja mukugona, osalisiya likutchaja inu mwapita ku spaza. LiPo ikayaka imatulutsa utsi woyera wambiri wonunkha kenako moto wophulika ngati wa petulo, ndipo selo limodzi likatha limayatsa linzake. Khalani ndi ndowa ya mchenga pafupi.

Batire lotupa ngati ndasi lasiya ntchito, ngakhale likuonetsa kuti ladzadza. Chimodzimodzi lobooka, lopindika, kapena limene maselo ake akusiyana ndi 0.1V mutatha kutchaja. Ndege zopatsidwa ndi abwana zija nthawi zambiri zimabwera ndi mabatire otere chifukwa anasungidwa zaka ali odzadza kapena atatheratu. Gulani kachipangizo koyezera maselo, nkotchipa kuyerekeza ndi china chilichonse m'ndegemo, kazikhala m'thumba mwanu. Ndipo rimoti nayonso ili ndi mabatire, anthu amaiwala.

3. Chotsani pulopela, kenako gwiragwirani ndege yonse

Chilichonse chimene muchite pa tebulo kunyumba, pulopela ikhale itachotsedwa. Ndi nati imodzi yokha, masekondi makumi awiri.

Mukatero yambani kumphuno mukathere kumchira ndi manja, osangoyang'ana ndi maso. Gwedezani mota muone ngati sikugwedera pomwe inamangidwa. Kokani aileron iliyonse, elevator ndi rudder pang'ono ngati mukufuna kuzizula, ngati hinge, polumikizira pamene chigawocho chimapindikira, yatopa ionekera pamenepo, makamaka ndege za foam zimene hinge yake ndi foam yomweyo yopyapyala imene imang'ambika pang'onopang'ono. Onani timapulasitiki tolumikiza waya wouma ndi chigawo choyenda ngati tatsekeka, ndipo kasikuluwu kapakati pa mkono wa servo kalipo, kameneka kakasowa mkono umavuka ndege ili m'mwamba. Mapiko amangike, ngati ndi a mphira ikani mphira zatsopano chifukwa dzuwa la kuno limaziumitsa msanga. Tinyanga tiwiri ta risiva tisagone limodzi, kena kaloze uku kena uko ngati chilembo L, ndipo tikhale kutali ndi batire, mawaya a mota ndi chilichonse cha carbon.

4. Failsafe, apa ndi pamene ambiri amadumpha

Apa ndichedwapo chifukwa mavidiyo ambiri amangotchula ndi kudutsa. Failsafe ndi zimene ndege ichite ikasiya kumva rimoti, kaya batire la rimoti latha, kaya yapita kutali, kaya risiva yasokonezeka. Chimene tikufuna ndi chakuti mota izime. Koma marisiva ambiri akachoka ku fakitale amangogwira lamulo lomaliza limene anamva, ndiye ngati munali pa throttle yonse (throttle ndi stiki, kandodo ka pa rimoti kokweza ndi kutsitsa liwiro la mota) ndege ipitiriza choncho yokha mpaka batire kutha. Ndege yoyenda makilomita 60 pa ola ikapita mphindi zisanu yayenda makilomita asanu, ndipo kuno ku Joni makilomita asanu mbali iliyonse pali msewu waukulu, sukulu kapena nyumba za anthu.

Kuyesa kwake nkotere. Pulopela yachotsedwa eti? Yatsani rimoti, lumikizani batire la ndege, dikirani ESC ilire, imalira kuwerenga maselo, katatu pa 3S. Kwezani throttle pang'ono mota izizungulira. Tsopano zimitsani rimoti mota ikuzungulira choncho. Mota iyenera kuima mkati mwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Ikaima zili bwino, tsitsani stiki ya throttle musanayatsenso rimoti. Ikapitiriza kuzungulira, kapena ikakwera liwiro, ndege imeneyo isapite kulikonse mpaka mutakonza.

Kakonzedwe kamasiyana ndi mtundu wa rimoti. Pa Spektrum risiva imasunga pomwe stiki ya throttle inali nthawi imene mumapanga bind, kulumikizitsa risiva ndi rimoti kuti zizimvana, ndiye pangani bind kachiwiri stiki ili pansi penipeni. Pa FlySky ngati FS-i6 imene ambiri timayambira pali menu ya failsafe, mulowemo muyatse channel ya throttle, njira imene lamulo la throttle limadutsa, stiki ili pansi ndi kusunga, osangotuluka. Pa RadioMaster ndi ena oyendera pulogalamu ya EdgeTX musasiye pa hold, yogwira lamulo lomaliza ija, ikani custom throttle ili pansi kapena no pulses, kenako yesani muone ndi maso anu chimene ESC yanu ikuchita. Zigawo zina zija zibwerere pakati. Ndipo mukasintha risiva, mukasintha ESC, mukapanga bind ina, kapena mukatembenuza channel ya throttle, yesaninso kuyambira poyamba chifukwa zomwe zinasungidwa kale zija mwina tsopano zikutanthauza throttle yonse.

Za kutembenuza channel ya throttle ndili ndi chipsera pa chala cha mkomba phala ndi chapakati. Ndinali nditagula rimoti ina, ndege ili pa tebulo la kukhitchini, batire lolumikiza, pulopela ili pompo chifukwa ndinaona ngati ndikungosintha kanthu kakang'ono mu menu. Ndinadina reverse pa channel yolakwika. Stiki inali pansi koma kwa ESC pansi paja panasanduka pamwamba, ndege inalumpha pa tebulo kulunjika kumene mwana wanga amadyera phala, ine ndinangoponya dzanja kuigwira kumphuno. Magazi anafika mpaka pa khoma, ku kiliniki anandisoka, ndinakhala sabata ziwiri osagwira ntchito ndipo kuno usagwira ntchito palibe amakulipira. Mwana sanakhudzidwe, ndimathokoza Mulungu mpaka lero. Injini ya petulo umaimva ikulira ndiye umaiopa, koma mota ya magetsi imakhala chete ngati yakufa pamene ili yokonzeka, ndipo ikagunda chala siima, imakoka magetsi ochuluka ndi kupitiriza kudula.

Nchifukwa chake ikaninso throttle cut, switchi imodzi pa rimoti yoti ikakhala yotseka mota isazungulire ngakhale stiki itagundidwa ndi lamba wa pakhosi kapena mkono wa jekete. Sankhani switchi imodzimodzi pa ndege zanu zonse kuti chala chizolowere. Yesani nayonso pulopela isanabwerere: tsekani, kwezani stiki mpaka pamwamba, mota isagwedezeke nkomwe.

5. Bwezerani pulopela, yezani polemera

Batire lazulidwa kaye. Manambala olembedwa pa pulopela, monga 10x6, aziyang'ana kutsogolo kumene ndege ikupita, ngakhale pa ndege zimene mota yake ili kumbuyo kwa phiko. Mukaiika chagada imakankhabe mphepo koma mofooka ndipo imalira kwambiri, munthu nkumaganiza kuti batire ndi lakufa. Ngati mota ikuzungulira mobwerera sinthanitsani mawaya awiri aliwonse mwa atatu aja a pakati pa ESC ndi mota. Pulopela yokhala ndi mng'alu kapena mzere woyera pafupi ndi pakati itayeni, osamata ndi guluu. Ya mainchi 10 ikamazungulira ka 10,000 pa mphindi nsonga yake ikuthamanga pafupifupi makilomita 480 pa ola, ikathyoka chidutswa chimapita cham'mbali, nchifukwa chake sitiima m'mbali mwa pulopela kapena kutsogolo kwake, timaima kumbuyo.

Tsopano CG, pamene kulemera kwa ndege kwakumana. Buku la ndege limanena mamilimita angati kuchokera m'mphepete mwa phiko kutsogolo. Ngati buku linasowa ndipo phiko ndi lowongoka, yambani pakati pa 25 ndi 30 peresenti ya m'lifupi mwa phiko, phiko la mamilimita 200 ndiye kuti 50 mpaka 60. Lembani timadontho tiwiri kunsi kwa mapiko, ikani batire m'malo mwake osalumikiza, tsekani chitseko, nyamulani ndege ndi nsonga za zala ziwiri pa timadonthoto. Ikhale yowongoka kapena mphuno itsike pang'ono. Ya mapiko a m'munsi muitembenuze chagada poyeza. Ikalemera kumphuno imauluka molemera ndipo imatera mothamanga koma mubwera nayo kunyumba. Ikalemera kumchira imadzutsa mphuno yokha, ukaigwira pang'ono imachita zambiri, ndipo ngakhale katswiri amavutika kuibweza. Sunthani batire mpaka zikhale bwino, jambulani mzere ndi maka pomwe lathera, ndipo limangeni ndi lamba wa Velcro kuwonjezera pa chomata cha pansi. Batire la 3S 2200 limalemera pafupifupi magalamu 180, likatsetserekera kumbuyo ponyamuka CG yonse munayeza ija yapita.

6. Pa njira

Musasiye ndege kapena mabatire mu galimoto yotseka padzuwa, foam imatuluka timatuza ndipo mapiko amapindika, LiPo nayo imatupa. Ngati mukukwera takisi mabatire akhale m'kathumba kawo, osati m'thumba limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo.

7. Mukafika, yang'anani kumwamba musanatsitse katundu

Chinthu chimene mavidiyo akunja sangakuuzeni ndi chakuti Johannesburg ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Lilongwe ili cha m'ma 1,050, nyanja yathu ya Malawi siifika ndi 500 pomwe. Mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi 15 peresenti kuyerekeza ndi wa ku Durban, ndipo masana a December kukatentha umapepukanso kuposa apo. Phiko limapeza mpweya wochepa woti litsamire, pulopela imapeza wochepa woti ikankhe. Ndiye ndege yomwe mu vidiyo inanyamuka itangothamanga mamita asanu kuno ifuna msewu wautali, yoponya ndi dzanja ifuna kuponyedwa mwamphamvu ndi mowongoka, ndipo potera ibwera mothamanga kuposa mmene mumayembekezera. Olakwitsa ambiri amaona ndege ikuchedwa kukwera ndiye amakoka elevator yonse, mphuno m'mwamba, liwiro latha, phiko limodzi lagwa, basi.

Nyengo ya mvula, kuyambira October mpaka March, ulutsani m'mawa. Masana mitambo imaunjikana mofulumira, mphepo imatembenuka mwadzidzidzi, kenako ziphaliwali ndi matalala, ndipo mphezi za ku Highveld zimapha anthu chaka chilichonse. Mukangomva bingu ngakhale patali tsitsani ndege mulowe m'galimoto, musaime pa bwalo loyera kapena pansi pa mtengo. August ndi mwezi wa mphepo ndi akamvuluvulu, wophunzira angodikira tsiku labata. Nthawi yozizira vuto ndi udzu, umauma gwa ngati wa kwathu mu September, ndege ikagwa batire nkubooka moto wolusa umayamba pomwepo ndipo umathamanga kuposa munthu. Dziwani pomwe pali chozimira moto musanaulutse.

Onaninso kumene mphepo ikuchokera, kumene kuli dzuwa kuti musadutsitse ndege pamenepo, mitengo, mawaya a magetsi, ndi malo oti mukatere mota ikazima mutangonyamuka.

8. Kuyatsa kuli ndi ndondomeko yake

Rimoti iyambe kuyaka ndipo ikhale yomaliza kuzima, nthawi zonse. Onani pa sikirini kuti dzina la ndege ndi la ndege imene ili patsogolo panuyo, chifukwa rimoti imodzi imasunga ndege zambiri ndipo iliyonse ili ndi makonzedwe ake. Throttle pansi, throttle cut yotseka, maswitchi onse pomwe amakhala. Yezani batire ndi kachipangizo kaja ngakhale mukukumbukira kuti munatchaja, mabatire amafanana, lotha ndi lodzadza sungasiyanitse ndi maso. Ine odzadza ndimawamanga kamphira, ndikagwiritsa ntchito ndimachotsa. Lumikizani muli kumbuyo kwa pulopela, mphuno yaloza kopanda anthu, dzanja lisadutse pomwe pulopela imazungulira. Ngati ndege ili ndi gyro, kachipangizo kamene kamaiwongola ikapendekeka, isiyeni pansi osaigwedeza masekondi angapo mpaka itamaliza kudzikonza.

9. Zikuyenda, koma zikuyendera mbali yoyenera?

Apanso ndichedwapo. Anthu amagwedeza ma stiki uku ndi uku, aona zonse zikuphupha, akuti zili bwino. Kuyenda kokha sikukuuzani kanthu. Imani kumbuyo kwa ndege mukuyang'ana kumene mphuno yaloza, chitani chimodzichimodzi pang'onopang'ono ndipo muzinena ndi pakamwa.

Stiki ya aileron kumanja: aileron ya phiko lakumanja ikwere, yakumanzere itsike. Kumanzere: yakumanzere ikwere. Kokerani stiki ya elevator kwa inu: elevator ikwere. Rudder kumanja: kumbuyo kwa rudder kupite kumanja, ndipo tayala lokhotera litsatire komweko.

Mnyamata wina wa kwathu ku Mzimba anabwera ndi ndege yokongola ya mapiko a buluu imene anaisungira ndalama miyezi inayi. Usiku wake anasintha servo imodzi ya mtundu wina, osadziwa kuti maservo a makampani osiyana ena amazungulira mosiyana, ndiye pokonzakonza mu menu ma aileron onse anathera chobwerera. Ndinamufunsa kuti aphwanga mwayang'ana zonse, anati eya achimwene zikuyenda, inenso ndinalakwa kuti sindinaime naye kumbuyo kwa ndege. Itangonyamuka inapendekera kumanzere pang'ono, iye anakankhira kumanja, inapendekeratu, anawonjezera, inatembenuka chagada ndi kulowa pansi ndi mphuno. Masekondi atatu sanakwane. Tinatola zidutswa m'jumbo, mnyamata osayankhula njira yonse. Ma aileron obwerera sapereka mpata woganiza chifukwa chilichonse chimene dzanja likuchita kuti lipulumutse ndege ndi chomwe chikuigwetsa.

Ngati muli ndi gyro, kaya ndi AS3X ndi SAFE za Spektrum kapena ina iliyonse, pali kuyesa kwachiwiri kosiyana ndi koyambaku, chifukwa ma stiki akhoza kukhala olondola gyro ili yobwerera. Throttle cut yotseka, nyamulani ndege muli kumbuyo kwake. Gwetsani phiko lakumanja mofulumira: aileron yakumanja itsike, kulimbana ndi kupendekekako. Tsitsani mphuno: elevator ikwere. Gyro nthawi zonse izikana zimene mukuichita ndege. Ma gyro ena sayamba kugwira ntchito mpaka throttle itakwezedwako kamodzi, ndiye ngati simukuona kanthu mnzanu agwire ndege kumchira, kwezani pang'ono, tsitsani, tsekani switchi, yesaninso.

Izi muzichita pa ulendo uliwonse, batire lililonse, ngakhale ndege yatera mphindi khumi zapitazo. Kutera kolimba kumathyola mano a servo mwakachetechete.

10. Range check

Marimoti a 2.4GHz ali ndi range check, imachepetsa mphamvu ya rimoti dala. Mnzanu agwire ndege kumbuyo, inu yendani mapazi pafupifupi 30, lowani mu range check, gwedezani ma stiki. Zonse ziyende mosadukiza. Mnzanuyo atembenuze ndege mbali zosiyanasiyana, kenako yesani mota ikuzungulira. Zikamadukiza kapena kunjenjemera vuto nthawi zambiri ndi tinyanga ta risiva. Chitani izi pa ndege yatsopano, ikagwa, mukasuntha chilichonse mkati, komanso ulendo woyamba wa tsikulo. Mukamaliza onetsetsani kuti mwatuluka mu range check.

11. Taimala ndi kunyamuka

Ndege ya batire ilibe geji, ndiye taimala ya pa rimoti ndiyo geji yanu. Sitigwiritsa ntchito batire lonse, timasiya 20 peresenti. Pa 2200mAh ndiye kuti muli ndi 1760, ndege ikamakoka ma amp 15 zimenezo ndi mphindi 7. Koma ulendo woyamba ikani mphindi 4 zokha, terani, yezani. Maselo akawerenga 3.8V mukhoza kuwonjezera pang'ono, akakhala pansi pa 3.7V chepetsani. Mukamva mota ikufooka kapena ikudukiza m'mwamba ndiye kuti ESC yaona kuti batire latsika, tsitsani throttle mutere pomwepo, maservo amakhala akugwirabe ntchito, musazungulirenso kamodzi.

Musanalowe pa msewu wonyamukira yang'anani kumwamba ndi mbali zonse, ndipo fuulani kuti ena amve. Ku makalabu a kuno amafuula m'Chingerezi, "taking off", "landing", "on the runway", ndipo mukamva "dead stick" ndiye kuti mota ya wina yazima, aliyense amupatse mpata. Ana ndi oonerera akhale kumbuyo kwa mzere wa oulutsa. Mnzanu atagwira ndege kwezani throttle yonse masekondi awiri kapena atatu mumve ngati ikukoka bwino popanda kunjenjemera. Nyamukani molunjika kumene mphepo ikuchokera, ilekeni ithamange ipeze liwiro, kwerani pang'onopang'ono, ndipo kukhota koyamba kukhale kotalikira anthu. Ngati pali kanthu kakukukayikitsani, phokoso lachilendo, servo yochedwa, musanyamuke, bwererani nayo pa tebulo.

12. Ikatera

Tsekani throttle cut musanayambe kuyenda kukaitenga. Inyamuleni chakumbuyo, zulani batire, kenako ndiye muzimitse rimoti. Gwirani mota, ESC ndi batire ndi kuseri kwa chala, kufunda nkwabwinobwino koma zikakuwotchani moti simungagwire masekondi asanu ndiye kuti pulopela yakula kapena mpweya sukudutsa mkati. Batire lizizire kaye musanalitchajenso.

Ngati yagwa, throttle pansi pomwepo kuti ESC isapse, thamangani mukazule batire, liikeni pa dothi loyera kutali ndi udzu ndi magalimoto ndipo muliyang'anire kwa theka la ola. Batire lopunthidwa limatha kuyaka patapita nthawi, musalilowetse m'galimoto kapena m'chikwama msangamsanga ngakhale likuoneka labwino. Likamanunkha fungo lotsekemera ngati la mankhwala opaka m'zikhadabo ndiye kuti labooka.

Mukafika kunyumba mabatire onse, ogwiritsidwa ntchito ndi amene sanauluke, aikeni pa storage mu tchaja, iwafikitsa pa 3.8V selo lililonse, pamenepo ndi pomwe amakhala bwino mpaka Loweruka linalo. Lakufa lija musaliponye mu bini ya zinyalala kapena kulibaya ndi msomali, lithetseni magetsi pang'onopang'ono ndi kababu ka galimoto muli panja, likafika ziro kalisiyeni kumalo kumene amalandira mabatire akale.